Filimu ndi dijito pa lenzi imodzi: zolemba za ntchito yoyerekeza makamera ku Mzuzu

8 Julayi 2024: Zida ndi mitengo yake

Ndayamba ntchito yoyerekeza chithunzi chojambulidwa pa filimu ndi chojambulidwa pa kamera ya dijito, chinthu chojambulidwacho chili chomwecho, kuwala kuli komweko, ndiponso lenzi ili imodzi. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo kuno ku Mzuzu, ndipo chomwe chimandisowetsa mtendere pa ntchito yanga ndi zovala zoyera pa munthu wa khungu lakuda. Ndikafuna kuti nkhope ioneke bwino, diresi la mkwatibwi limangoyera mbee mpaka zokongoletsa zonse zomwe telala anavutika nazo zimasowa, ndipo ndikati ndipulumutse diresi, nkhope imamira mu mdima. Akuluakulu amene anagwira ntchito imeneyi kale amanena kuti filimu inkapirira kuwala kochuluka, choncho ndikufuna kuona ngati zili zoona, komanso ngati phindu lake likulingana ndi ndalama zomwe munthu angalowetsepo.

Kamera ya filimu ndi Pentax K1000, ndipo ndabwereka kwa bambo wina wachikulire wa ku Chibavi amene anali ndi studiyo mtauni muno masiku omwe zithunzi zinkatsukidwa ndi mankhwala. Makamera a mtundu umenewu anayamba kupangidwa mu 1976 ndipo analekeka mu 1997. Kamerayi imayendera zitsulo ndi masipuling'i basi, ndipo kabatire kake ka LR44 kamangoyendetsa chipangizo choyezera kuwala, moti kakatha kamera imajambulabe. Ya dijito ndi yanga yogwirira ntchito, Canon EOS 600D ya mamegapikiselo 18 yomwe inatuluka mu 2011. Lenzi ndi SMC Pentax-M 50mm f/2, ndipo ndagula kachitsulo kolumikizira kuti izilowanso pa Canon.

Masitudiyo omwe ndinafunsa mtauni muno amasindikiza zithunzi zochokera pa foni, pa fulashi ndi pa memore khadi, ndipo onse anandiuza kuti satsuka filimu. Zimenezi zandikakamiza kutsuka ndekha, ndipo n'chifukwa chake ndasankha filimu yakuda ndi yoyera. Ya mitundu imafuna mankhwala a C-41 omwe ayenera kukhala pa madigiri 38 osasuntha, pomwe yakuda ndi yoyera imatsukidwa pa madigiri 20, zomwe munthu angakwanitse ndi beseni ndi fulasiki.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg wandigulira mafilimu asanu a Ilford HP5 Plus 400, iliyonse ya zithunzi 36, pa mtengo wa K125,000 onse pamodzi. Wagulanso paketi ya ufa wa ID-11 wosungunula mu lita imodzi ya madzi, womwe ndi divelopa wotulutsa chithunzi, pa K22,000, ndi botolo la Ilford Rapid Fixer la mamililita 500, lomwe ndi fikisa wokhazikitsa chithunzi kuti chisade chikaona kuwala, pa K30,000. Kachitsulo kolumikizira lenzi kandidya K18,000, timphete totalikitsa lenzi pojambula zinthu zapafupi K20,000, choyezera kutentha kwa madzi K8,000, kabatire K1,000, ndipo wonyamula katundu ndamupatsa K15,000. Zonse zakwana K239,000. Ndinapempha kuti katunduyo abwere pa basi osati pa ndege, chifukwa makina atsopano ounikira katundu m'mabwalo a ndege amawononga filimu yomwe sinatsukidwe. Thanki yotsukira ya Paterson andibwereka ndi bambo aja.

13 Julayi 2024: Kukonza Pentax

Kamera yomwe yakhala m'kabati zaka zambiri mu chinyezi cha Mzuzu siyenera kupatsidwa filimu isanayang'anidwe bwino. Nditatsegula chitseko cha kumbuyo ndinapeza kuti tisiponji takuda totsekereza kuwala m'mphepete mwa chitsekocho tinasungunuka n'kusanduka phala lomata. Ndinatipala ndi kamtengo kotokosera m'mano konyowetsa ndi sipiriti, mosamala kuti zinyalala zisagwere pa nsalu ya shata (chomwe chimatseguka ndi kutseka kuti kuwala kufike pa filimu), kenaka ndinalowetsa ulusi wakuda wolukira majuzi m'mipata ya pamwamba ndi pansi, ndipo pafupi ndi mahinji ndinamata kansalu kakuda kofewa. Ulusiwo ndinagula K1,500 mu msika waukulu.

Lenzi nayo inali ndi chuku mkati mwa galasi lakutsogolo, timizere toyera tofalikira kuchokera m'mphepete. Bambo aja anamasula mphete yakutsogolo okha, popeza ntchitoyi amaidziwa, ndipo anapukuta galasi ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi mankhwala a hydrogen peroxide omwe amagulitsidwa m'mafamase. Chuku chinachoka kupatula kachipsera kamodzi m'mphepete komwe sikakhudza chithunzi. Pondibwezera anandichenjeza kuti, "Mwana wanga, ukamaliza kujambula uzitseka lenzi ndi chivindikiro chake, apo ayi batire lidzakuthera m'chikwama." Zimenezi n'zoona, chifukwa choyezera kuwala cha K1000 chilibe pozimitsira, chimangogwira ntchito nthawi yonse yomwe kuwala kukulowa. Ndinachiyerekeza ndi cha Canon poloza khoma limodzi, ndipo ziwirizi zinagwirizana mokwanira.

20 Julayi 2024: Filimu yoyamba, mu msika

Dongosolo langa ndi lakuti chinthu chilichonse ndichijambule kawiri motsatizana, koyamba pa Pentax kenaka pa Canon, makamera onse ali pa ISO 400 (nambala yosonyeza momwe filimu kapena kamera imamvera kuwala msanga), liwiro la shata ndi kukula kwa kabowo ka lenzi zili zofanana, ndipo manambala onse ndizilemba m'kope. Kopelo ndi lofunika kwambiri, chifukwa Canon imasunga yokha liwiro la shata mkati mwa failo, koma filimu sikumbuka kalikonse, ndiponso kudzera pa kachitsulo kolumikizira kaja Canon sidziwa kuti kabowo ka lenzi kali pa nambala yanji.

Vuto loyamba linaoneka nthawi yomweyo. Chithunzi cha pa filimu ndi cha mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pomwe sensa ya 600D, kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu, ndi ya mamilimita 22.3 ndi 14.9, choncho lenzi ya 50mm ikakhala pa Canon imaona malo ochepa ngati kuti ndi ya 80mm. Kuti mulu wa tomato ndi mayi wogulitsa akwane monga anakwanira pa Pentax, ndimayenera kubwerera m'mbuyo masitepe angapo, ndipo m'tinjira topanikizana ta mu msika malo obwerera palibe. Kubwererako kumasinthanso momwe zinthu za kumbuyo zikuonekera. Ndasankha kuti ndiziima pamalo amodzi, kenaka pa kompyuta ndizidula chithunzi cha filimu kuti chifanane ndi cha dijito, ngakhale kutero kukupondereza filimu pang'ono chifukwa tinjere take tidzaoneka tokulirapo.

Vuto lachiwiri ndi la anthu, ndipo sindikuliona laling'ono. Ndimapempha chilolezo ndisanajambule aliyense, ndipo masiku ano munthu akangomva kulira kwa shata amayembekezera kuona chithunzi chake pompo. Mnyamata wina wa njinga za kabaza, zomwe kuno timati sakramento, atayang'ana kumbuyo kwa Pentax n'kupeza kuti kulibe galasi anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye mukutibisira chiyani?" Ndinamufotokozera, n'kumuonetsa chithunzi chake cha pa Canon, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzamubweretsera chosindikiza. Amene akufuna kujambula anthu pa filimu mtauni muno aziyenda ndi chithunzi chimodzi chosindikiza pamodzi ndi kachidutswa ka negetivu (filimu yotsuka kale, momwe zoyera zimaoneka zakuda) m'thumba, kuti kufotokoza kuzikhala kosavuta.

22 Julayi 2024: Kutsuka

ID-11 amabwera m'timapaketi tiwiri. Kakang'ono kamasungunulidwa koyamba m'madzi a madigiri 40, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a lita, kenaka kakakulu, ndipo pomaliza amawonjezera madzi kuti ikwane lita imodzi. Mankhwalawa amakhala miyezi isanu ndi umodzi ngati botolo lili lodzaza, koma botolo likafika theka amangokhala mwezi umodzi chifukwa mpweya umawapha mphamvu, choncho ndawagawa m'timabotolo ting'onoting'ono todzaza mpaka pakamwa ndipo ndatisunga mu mdima.

Filimu iyenera kulowetsedwa m'thanki mu mdima weniweni. Ndinagwiritsa ntchito bafa usiku, nditatseka zenera ndi katoni ndi bulangete, n'kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo. Ndinakhala m'katimo mphindi zisanu ndisanatsegule filimu, popeza maso akazolowera mdima ndi pomwe timipata tolowetsa kuwala timaoneka, ndipo ndinapezadi kamodzi pa kabowo ka kiyi. Chokulungira filimu cha pulasitiki chinandivutitsa kwambiri: filimu inkalowa theka n'kukana kupitirira, chifukwa chinyezi cha m'bafa ndi thukuta la m'manja zinkaichititsa kumata. Ndinaika filimuyo m'thanki yopanda chokulungira n'kutseka, ndinakaumitsa chokulungiracho pafupi ndi mbaula, ndipo nditabwerera filimu inalowa bwinobwino. Kudula timakona ta kumapeto kwa filimu ndi sizasi kunathandizanso.

Madzi a pampopi usiku umenewo anali pa madigiri 15, monga zimakhalira mwezi wa Julayi kuno. Madzi ozizira amachedwetsa mankhwala, ndipo digiri iliyonse ikatsika nthawi yotsukira imayenera kuwonjezedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma pa madigiri 15 kuwonjezera nthawi sikudalirika. Ndinathira madzi otentha a m'fulasiki m'beseni mpaka anafika madigiri 21, n'kuimikamo makapu a mankhwala pamodzi ndi thanki kuti zonse zikhazikike pa 20. Ndinasakaniza mamililita 150 a ID-11 ndi 150 a madzi, ndinatsuka mphindi 13 monga amalangizira a Ilford, ndikutembenuza thanki kanayi poyamba ndiponso kanayi mphindi iliyonse. Kenaka ndinatsukuluza ndi madzi, n'kuthira fikisa wosakaniza gawo limodzi ku magawo anayi a madzi kwa mphindi zisanu. Potsukuluza komaliza ndinatsatira njira yosawononga madzi: kudzaza thanki n'kutembenuza kasanu, kutaya, kudzazanso n'kutembenuza kakhumi, kutaya, kenaka ka 20.

Zithunzi zinatuluka, koma filimu itauma panali madontho oyera a madzi ndi fumbi lomatirira. Ndinaiviikanso m'madzi owiritsa ndi kusefa pa nsalu, momwe ndinadonthezamo kadontho kamodzi kokha ka sopo wamadzi wotsukira mbale, ndipo ndinaiyanika m'bafa lotseka nditamangirira chopanira zovala kumunsi kuti iwongoke. Madonthowo anachoka. Fikisa wogwiritsa kale ntchito ndamubwezera m'botolo lake chifukwa amatsuka mafilimu ambiri, ndipo akadzatha mphamvu sindidzamutaya pafupi ndi dimba kapena chitsime popeza amakhala ndi siliva wochokera pa filimu.

3 Ogasiti 2024: Zomwe filimu yoyamba yaulula

Zithunzi zonse zomwe ndinajambula pa liwiro la shata la 1/1000 ya sekondi zili ndi mbali imodzi yakuda. Shata ya K1000 ndi nsalu ziwiri zothamanga chopingasa, ndipo mafuta akale akauma nsalu yachiwiri imapeza yoyamba zisanafike kumapeto, motero mbali imeneyo siilandira kuwala. Pa 1/500 ndi kutsika m'munsi vutoli palibe. Kumasula shata ndi ntchito ya mmisiri wodziwa makamera akale, choncho ndangosiya kugwiritsa ntchito 1/1000. Kutero kukutanthauza kuti dzuwa likaswa mtengo, filimu ya ISO 400 imandikakamiza kukhala pa 1/500 ndi f/16 (kabowo ka lenzi katachepetsedwa kwambiri), pomwe pa Canon ndikadangotsitsa ISO kufika 100 kapena kukweza shata kufika 1/4000. Apa dijito yapambana mosakayikitsa, chifukwa filimu ukangoilowetsa wadzimangirira pa ISO imodzi mpaka zithunzi 36 zitatha. Kuwala kolowera pa chitseko sikunaoneke paliponse, kusonyeza kuti ulusi uja wagwira ntchito.

Kuti negetivu ifike pa kompyuta ndinaijambula ndi Canon yomweyo, popeza ndilibe sikana ya filimu. Ndinaika timphete totalikitsa tokwana pafupifupi mamilimita 30 kumbuyo kwa lenzi, kamera ili pa tiraipodi yoyang'ana pansi. Poyamba ndinagoneka negetivu pa galasi la tabuleti loyatsa zoyera, koma timadontho ta galasilo tinaoneka m'chithunzi monse. Ndinakonza podula zenera m'makatoni awiri olimba, n'kupanikiza negetivu pakati pake, n'kuikweza masentimita asanu pamwamba pa tabuleti kuti timadonthoto tisaoneke. Makatoniwo anathandizanso kuwongola filimu yomwe inkapindika. Kutembenuza negetivu kuti ikhale chithunzi ndikugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya darktable, yomwe ili ndi gawo lotchedwa negadoctor lopangidwira ntchito imeneyi. Filimu imodzi yanditengera madzulo onse, ndipo nthawi yambiri yathera pa kuchotsa fumbi.

Ndiyenera kunena poyera kuti pa njira imeneyi chithunzi cha filimu chikudutsanso pa sensa ya dijito, ndiye sichingaonetse zambiri kuposa zomwe Canon ingathe kuona. Komabe pa funso langa la zovala zoyera njirayi ndi yokwanira, chifukwa negetivu imafinya kusiyana kwa kuwala ndi mdima, ndipo sensa imatha kuwerenga zonse zomwe zili pamenepo popanda kutaya mbali ina.

10 Ogasiti 2024: Chifunga cha m'mawa

Filimu yachiwiri ndinajambulira kufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina m'mamawa, chifunga chisanachoke. Zoyezera kuwala za makamera onse awiri zinanyengedwa mofanana: zimayesa kuti chilichonse ndi chotuwa, ndiye zikaona chifunga choyera zimachepetsa kuwala ndipo chithunzi chimada. Ndinawonjezera sitopu imodzi pa onse awiri, kutanthauza kuwirikiza kawiri kuwala kolowa. Pa kuthwa kwa chithunzi, cha dijito chikuonetsa timasamba ndi makungwa a mitengo momveka kuposa HP5, makamaka nditadula cha filimu kuti zifanane. Zimenezi zimandichititsa chidwi ndikakumbukira kuti kamera yoyamba ya dijito, yomwe Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975, chaka chimodzi K1000 isanatuluke, inkatulutsa chithunzi cha madontho 10,000 okha ndipo inkatenga masekondi 23 kuchilemba pa kaseti. Koma pomwe dzuwa limabowola chifunga, chithunzi cha filimu chikusintha pang'onopang'ono kuchoka pa kutuwa kufika pa kuyera, pomwe cha dijito chili ndi chigamba choyera chokhala ndi malire ooneka.

18 Ogasiti 2024: Mayeso enieni, bulauzi yoyera pa dzuwa

Lero ndi tsiku lomwe ntchito yonseyi inayambira. Amayi atatu a Umanyano a kumpingo kwathu anavomera kuima panja mapemphero atatha, atavala mabulauzi oyera, masiketi akuda ndi mipango yoyera kumutu, dzuwa likuwomba cham'mbali. Palibe chovala chomwe chimayesa kamera ngati chimenechi, chifukwa choyera kwambiri, chakuda kwambiri ndi nkhope zonse zili pamodzi. Ndinawapempha kuti, "Amayi, mundipirire pang'ono, ndijambula kangapo osasuntha," ndipo anapirira ndithu. Ndinayeza kuwala pafupi ndi nkhope ya mmodzi, kenaka pa kamera iliyonse ndinajambula pa muyezo umenewo, pa sitopu imodzi ndi ziwiri kupitirira, ndiponso pa sitopu imodzi ndi ziwiri kuchepera. Pa Canon ndinasunga RAW, failo yosunga zonse zomwe sensa yawerenga, ndi JPEG, chithunzi chomwe kamera yakonza kale, pamodzi.

Nditatsuka ndi kuika zonse pa kompyuta, zotsatira zake ndi izi. Pa muyezo wa nkhope, JPEG ya Canon inataya kale mapewa a bulauzi ndi pamwamba pa mpango, RAW inabweza zambiri mwa zimenezo koma osati zonse, pomwe pa filimu msoko uliwonse ndi mapindo a kolala zikuoneka. Pa sitopu imodzi kupitirira, ngakhale RAW inalephera: malo owala anasanduka oyera opanda kanthu, ndipo kuwadetsa pa kompyuta kunangotulutsa chigamba chotuwa. Filimu pa sitopu ziwiri kupitirira inatulutsa negetivu yakuda kwambiri yomwe inafuna kuwala kochuluka poijambula, tinjere take tinakula, koma mabatani ndi ulusi wa nsalu zinalipobe. Chifukwa chake n'chakuti sensa ikadzaza kuwala imangoima pomwepo osawerenganso, pomwe filimu imapitiriza kuda pang'onopang'ono ngakhale kuwala kutachuluka kwambiri. Pamenepa akuluakulu aja ananena zoona.

Mbali ya mdima zinthu zinatembenuka. Pa sitopu ziwiri kuchepera, filimu inasiya masiketi ndi mbali ya nkhope ya kumthunzi zili zopanda kanthu, negetivu ili mbee pamalo amenewo, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingabweze chomwe sichinalembedwe. RAW ya Canon nditaiwalitsa inabweza nkhope ndi mapindo a siketi, ngakhale m'malo akuda kwambiri munatuluka timadontho ta mitundu ndi timizere. Choncho makamera awiriwa amafuna kuwayeza mosiyana: pa filimu munthu ayeze kuwala pa nkhope ndi pa mthunzi n'kusiya zoyera zidzisamale zokha, pomwe pa dijito ayeze pa chovala choyera n'kudzawalitsa nkhope pambuyo pake.

Zimenezi ndinabwerera kukaziyesa pa Canon yokha ndi nsalu yoyera pa dzuwa lomwelo. Nditatsitsa ISO kufika 100, kujambula RAW, ndi kuchepetsa kuwala mpaka malo ophethira omwe kamera imaonetsa pa galasi lake atatsala pang'ono kutha, ndinatha kuwalitsa nkhope popanda timadontho tambiri. Kuika katoni yoyera cham'munsi kuti ibwezere kuwala kumaso kunachepetsa vutolo kwambiri. Mu 600D mulinso gawo lotchedwa Highlight tone priority, lomwe limateteza zoyera koma limayambira pa ISO 200, ndipo nalo linathandiza pa JPEG. Kunena zoona, phindu lalikulu lomwe ndapeza mpaka pano ndi limeneli, chifukwa ndi njira yomwe ndingagwiritse ntchito pa ukwati uliwonse popanda kugula filimu.

31 Ogasiti 2024: Usiku m'holo

Filimu yachinayi ndinajambulira pa chinkhoswe cha mnansi wathu ku Luwinga, m'holo ya mababu ochepa, popanda fulashi ya kamera. Ndinaiyesa ngati ya ISO 1600, zomwe zimafuna kuitsuka nthawi yaitali: ID-11 wosasakaniza ndi madzi, mphindi 14 pa madigiri 20. Kutero kunandidyera mamililita 300 a mankhwala pa filimu imodzi. Mu mdima muvi wa choyezera kuwala cha Pentax sunkaoneka, ndipo kulunjika lenzi ndi dzanja pa anthu ovina kunali kovuta pa makamera onse awiri, ngakhale pa Canon ndinkaona pompo kuti ndaphonya n'kubwereza.

Zithunzi za filimu zatuluka ndi tinjere tokhakhala ngati mchenga wa ku Chintheche, mithunzi ili bii. Zingapo mwa izo ndi zokongola m'njira yakeyake, makamaka cha ankhoswe akulankhula pansi pa babu, koma zambiri sindingapereke kwa mwini mwambo. Za Canon pa ISO 1600 ndi zosalala, nkhope zikuoneka, ndipo mitundu ya zitenje za mbali ziwiri za banja, yomwe eni ake anaisankha mosamala, ilipo. Pa ntchito ya usiku palibe mpikisano. Chinthu chimodzi chokha chinakomera Pentax: magetsi anali atathima kwathu kuyambira m'mawa, batire la Canon silinadzaze ndipo linatha mwambo usanathe, pomwe Pentax inapitiriza. Ndagula batire lachiwiri la LP-E8 pa K25,000.

14 Seputembala 2024: Kusindikiza ndi kuonetsa anthu

Ndinasankha zithunzi zofanana kuchokera ku makamera onse, za dijito nditazichotsa mitundu, ndipo ndinakasindikiza pa kukula kwa A4. Zoyamba zinatuluka zobiriwira pang'ono chifukwa makina osindikizira a mitundu amapanga kutuwa posakaniza inki zosiyanasiyana. Ndinakonza powonjezera dala kamtundu kofiirira pang'ono m'mafailo onse, ndipo zachiwiri zinaoneka bwino. Kusindikiza konse pamodzi ndi kubwereza kwandidya K42,000, kuphatikizapo tizithunzi tating'ono tomwe ndakapereka kwa amayi a Umanyano, kwa mayi wa tomato ndi kwa mnyamata wa sakramento uja.

Ndinaziyala pa tebulo osalemba kuti ichi n'cha kamera iti. Anzanga ojambula anazindikira za filimu mwa tinjere take akayandikira, koma ataima patali pang'ono sankatha kusiyanitsa kupatula pa chithunzi cha mabulauzi ndi cha chifunga. Bambo a ku Chibavi anazindikira zonse mosavuta, ndipo anandiuza kuti negetivu ikasindikizidwa mwachindunji pa pepala la mankhwala m'chipinda cha mdima, zoyera zimaoneka bwino kuposa pamenepa. Amayi aja anakonda chithunzi cha filimu chifukwa yunifolomu yawo inaoneka yaudongo, koma mmodzi anafunsa ngati ndingawapatsenso cha mitundu chotumiza pa WhatsApp kwa ana awo, ndipo pempho limenelo ndi lomwe makasitomala anga ambiri angapereke.

28 Seputembala 2024: Kuwerengera ndalama ndi kusunga

Ndikaphatikiza mtengo wa filimu, gawo lake la divelopa, fikisa ndi ndalama yonyamulira, chithunzi chimodzi cha filimu chikundidya pafupifupi K900 chisanasindikizidwe, kaya chatuluka bwino kaya chalakwika, osawerengera madzulo awiri a ntchito pa filimu iliyonse. Ukwati womwe ndimajambula zithunzi mazana angapo sungatheke pa mtengo umenewu, ndipo filimu ikatha ndiyenera kudikira basi ya ku Johannesburg. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ikhalabe pa dijito, koma tsopano ndikujambula RAW pa ISO yotsika ndi kuyeza kuwala pa diresi. Filimu ndikuiona yoyenera pa zithunzi zochepa zosankhidwa, monga cha mkwati ndi mkwatibwi panja pa tchalitchi kapena cha agogo, zomwe banja likufuna kudzasunga zaka zambiri.

Pa nkhani yosungayi chinyezi cha Mzuzu chimaopseza mbali zonse. Bambo aja anandionetsa manegetivu awo a m'zaka za m'ma 1980: omwe anali m'maenvulopu a pepala m'chitini chotseka bwino ndinawajambula ndi Canon ndipo zithunzi zinatuluka zabwino, koma omwe anali m'jumbo ya pulasitiki anamatirirana ndipo chuku chinadya mbali ya mankhwala moti sangapulumuke. Manegetivu anga ndawadula zithunzi zisanu ndi chimodzi pa kachidutswa, ndawaika m'mapepala opinda, ndipo ali m'chidebe chotseka pamodzi ndi makamera, malenzi ndi timapaketi ta silika toyamwa chinyezi tomwe ndinapempha ku sitolo ya nsapato. Timapaketito timafunika kutiumitsa pa moto wochepa tikakhuta chinyezi. Mafailo onse, a dijito ndi a manegetivu, ndawasunga pa laputopu ndi pa hadi diraivi ina yomwe imakhala kwa mchemwali wanga ku Katoto, chifukwa memore khadi kapena foni si malo osungira chinthu chomwe munthu sakufuna kutaya.

Kwatsala filimu imodzi ndi divelopa wokwana kuitsuka, ndipo ndazisungira ukwati wa mwezi wa Okutobala womwe eni ake avomera kuti ndijambule zithunzi za panja pa makamera onse awiri. Nyengo yatentha tsopano ndipo madzi a pampopi masana afika madigiri 24, choncho ulendo uno beseni lidzafuna madzi a m'firiji m'malo mwa fulasiki, ndipo filimuyo ndaiika m'firiji momwemo, ili m'kabotolo kake kotseka, kuti ndidzaitulutse maola angapo tsikulo lisanafike isachite mame.